A Mfuko Amayamba Alawa

Dzina lawo lenileni ndi ochepa amalidziwa. Anthu amangoti a Mfuko, poti moyo wawo wonse authera pansi pa nthaka, kukumba zitsime za eni. Zikhadabo zawo sizinayerepo. Akamayenda amawerama pang'ono ngati akadali m'dzenje, ndipo maondo amalira akamakhala pansi.

Ali ndi kachitidwe kamene anzawo amawaseka nako. Madzi akatuluka, ena amakuwa kuitana mwini puloti. Iwo ayi. Amatunga m'kachitini kamene amamangirira m'chiuno, kudikira matope akhazikike, n'kulawa. Akatero amatulutsa kasopo m'thumba n'kusamba m'manja, kuona ngati thovu libwere.

Izi anaziphunzira mochedwa. Chitsime cha pakhomo pawo anakumba nyumba atafolera kale. Madzi anatuluka ambiri, koma amchere, oti ngakhale nyemba sizipsa. Kuyambira pamenepo akazi awo asenza ndowa zaka makumi atatu kuchokera ku mpopi wa kutsidya kwa msewu. Pano khosi la mayiwo silitembenuka. Ukawaitana amatembenuka thupi lonse. Sanadandaulepo, ndipo n'chimene chimawapweteka kwambiri a Mfuko.

Chaka chino mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake anapeza puloti kumapeto kwa tauni, kumene mapaipi sanafike. A Mfuko anati, "Musakumbe maziko ndisanakumbe ine." Mkamwiniyo, telala wokonda za pafoni, anavomera pakamwa pokha. Njerwa anaumbitsa ndithu, n'kuziunjika pambali.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambire kukumba chitsime, mkamwini anali pamwamba akukoka ndowa za dothi, maso ali pafoni.

"Bambo, mwamva? Ku Mars akuti kuli madzi pansi pa nthaka, oundana. Anthu akuganiza zokamangako nyumba."

"Mars ndiye kuti?" anafunsa a Mfuko ali m'dzenje.

"Dziko lina, kumwambaku. Lofiira ngati mutu wanu wadothiwo."

"Alawa?"

"Ndani?"

"Ofuna kusamukawo."

Mkamwini anaseka mpaka ndowa inagunda m'mbali, dothi n'kuwathira apongozi ake m'khosi. "Sikunafike munthu, bambo. Amangotumiza makina."

"Makina alibe lilime. Gwirani chingwe bwino, akamwini, mungandipititse ku Mars ndisanasambe."

Madzi anatuluka dzuwa litapendeka. Anayamba ngati thukuta pamwala, posakhalitsa anafika m'akakolo. Mkamwini anaimbira mkazi wake, amene anabwera akuthamanga, khanda lili kumbuyo. A Mfuko anatunga m'kachitini kaja n'kudikira. Analawa. Anali amchere. Analavula, n'kulawanso, poti mwina lilime lakalamba. Sopo anangoterera m'manja, thovu osaoneka.

Anakhalitsa pansipo. Msana unali kuwotcha, ndipo kunena kuti madzi ali bwino kunali kosavuta. Mvula ikagwa asintha: ndi zimene anadziuza okha zaka makumi atatu zapitazo. Atayang'ana kumwamba anaona mitu iwiri pakamwa pa dzenje, ndi khosi la mwana wawo, lalitali, lowongoka ngati la amake kale.

Anakwera pang'onopang'ono, akupumira pa popondera paliponse.

"Ababa, bwanji?" anafunsa mwana wawo.

Anangomupatsa kachitini. Iye analawa, nkhope n'kukwinyika.

"Tizolowera," anatero mkamwini. "Akumwa tizikatunga ku mpopi. Si kutali kwenikweni."

"Azikatunga ndani?"

Mkamwini anayang'ana njerwa zake, kenako mkazi wake.

"Pano musamange," anatero a Mfuko akupukuta manja pa buluku. "Njerwa zimanyamulika. Kapempheni mwini malo akusinthireni kumunsi kuja, kumene udzu sunaume. Ndikayambanso Lolemba."

"Nanga maondo anuwo, ababa?"

"Adzapuma ndikalawa."

Mkamwini anaika foni m'thumba n'kuyamba kukulunga chingwe, osayang'ana munthu. Atamaliza anafunsa chapansipansi ngati alipo wa ngolo amene apongozi ake akumudziwa.

Kunyumba a Mfuko anapeza akazi awo akuanula zovala. Mayiwo anatembenuka thupi lonse.

"Atuluka?"

"Atuluka."

"Mwalawa?"

A Mfuko anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye mwawauza?"

"Ndawauza."

Mayiwo anawayang'ana kanthawi, zovala zili paphewa. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa ya madzi a ku mpopi imene anasungira mawa, n'kukawathirira yonse m'bafa kuti asambe.