Mchira wa Dokotala Mu

Amuna anga, a Pang Deshun, anameta anthu zaka makumi anayi pachipata cha kum'mawa m'tauni yathu ya ku Shanxi, ndipo sanachekepo khutu la munthu. Koma pakamwa ndiye panali pakuthwa kuposa lumo lawo. Ukakhala pampando wawo, unkadzuka wopanda tsitsi, wopandanso chinsinsi.

Ine maso anga anachita ng'ala, zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyenda chopapasa. Kenako kunabwera mzungu wa mishoni, dokotala, amene anthu anamutcha a Mu. Anati ng'alayo atha kuichotsa, bola mkulu wa boma awalole kukhala m'tauni. Akawakaniza, ndiye kuti ine ndi mdima mpaka kumanda.

Vuto linali mutu wa a Mu. Masiku amenewo mwamuna aliyense ankameta pamphumi, kumbuyo n'kuluka mchira wautali wa tsitsi, monga analamulira mfumu. Wopanda mchira ankaoneka woukira, ndipo ngakhale mlendo ankagendedwa. Tsono a Mu anali ndi dazi lokhalokha, see ngati dzira.

Tsiku lina a Pang anandisisita kumutu, zomwe sanachitepo chikwatirireni.

"Mayi, tsitsi lanuli simuliona ndi kale. Tandibwerekani."

"Bambo inu, mwayamba misala liti?"

Ndinawakalipira mpaka mawu kusasa, kenako ndinakhala pampando. Anadula, analuka, n'kusokerera mchirawo kuchipewa chakuda choti a Mu azivala. Ndinalira, sindibisa.

Tsiku lokaonekera kwa mkulu wa boma, a Pang anaperekeza a Mu. Zimene zinachitika kumeneko ndazimva kwa anthu makumi awiri, aliyense ndi mchere wake. A Mu anavala mkanjo wathu, anawerama bwinobwino, moni anapereka wolongosoka. Kenako chizolowezi chakwawo chinawapeza. Kwawoko ulemu ndi kuvula chipewa, pomwe kwathu kuno kuonetsa mutu pamaso pa wamkulu ndi mwano. Anavula, mchira n'kupita nacho limodzi.

Msilikali wina anagwira kale ndodo. A Pang anagwada, chipumi mpaka pansi.

"Bwana wamkulu, ndameta mitu yambiri, koma ulemu ngati uwu sindinauonepo. Ife tonse mchira wa mfumu timaubisa kumsana. Mlendoyu wauzula, wakupatsirani ndi manja awiri."

Mkuluyo anayesa kukwinya nkhope, koma anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Wometa iwe, lilime lakoli lidzakuphetsa. Akhale. Koma umuuze kuti chipewacho azigona nacho."

Patatha mwezi a Mu anandicheka m'maso, ine ndikupemphera kwa milungu yonse, wawo yemwe, poti sudziwa amene ali maso. A Pang atafunsidwa ngati alowe mpingo, anati aziganiza kaye. Anaganiza zaka khumi ndi zinayi, uku Lamulungu lililonse akukhala kutsogolo n'kumakonza a Mu akapotoza mawu.

Tsiku lomasula nsalu imene anandimanga kumaso atandicheka, chinthu choyamba kuchiona chinali tsitsi langa likulendewera pamsana pa mwamuna wa eni. Chachiwiri chinali nkhalamba ina pakhomo, yamakwinya, mano atatu, misozi ili mbwee.

"Kodi agogo awa ndani?" ndinafunsa.

"Ndine, mayi."

"Mwakalamba chonchi osandiuza?"

"Ndimaopa mungakane kuchira," anatero a Pang, akupukuta misozi ndi nsalu yopukutira lumo.