Tsiku Limene Mayi a Patenti Anakhala Chete

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi a ku ofesi ya khonsolo okha. Mzinda wonse umangoti Mayi a Patenti.

Miyezi yambiri ya pachaka ntchito yawo ndi ya tsache ndi wilibala. Amasesa m'paki ya mzinda, kutola mabotolo, kutsuka mabenchi amene mbalame zawachita chipongwe, ndi kupirikitsa azibambo okonda kuima kuseri kwa mitengo. Koma sukulu zikatsekera, kunja kukatentha, khonsolo imakonza zochitika m'pakimo Loweruka lililonse. Kumabwera oimba, ana amapikisana kuthamanga, a chipatala amayeza anthu kuthamanga kwa magazi, ndipo ozimitsa moto amadzaonetsa galimoto yawo yofiira ija, imene masiku ena onse imakhala ikudwala ku galaja. Nyengo imeneyo Mayi a Patenti amavula ovolosi, kuvala jekete yonyezimira, n'kukakhala m'tenti ya ana osochera.

Tentiyo ndi yofiira, ya zigamba zosoka okha. M'kati muli tebulo, mipando ya pulasitiki, chidebe cha madzi, ndi nsalu yotchinga. Kuseri kwa nsaluyo kuli mkeka, pamene ana otopa ndi kulira amagonapo. Patebulopo pali maikolofoni, ndipo ufumu wawo wonse uli pamenepo. Akangodina batani, nyimbo za pa nsanja zimaduka, ngakhale woimbayo atakhala kuti ali pakati pa kulirira chibwenzi chake, ndipo paki yonse imamva mawu awo okha. Oimba sawakonda. Chaka china anadula a meya ali pakati pa kulonjeza misewu, mpaka bwanayo anatsala kukamwa kuli yasa, anthu akumvera za kamnyamata ka kabudula wong'ambika.

Lamulo la m'tentimo ndi limodzi, ndipo analiika ndi iwo eni ake: mwana akangolowa, alengezedwe asanamwe n'komwe madzi. N'chifukwa chake kholo lililonse mumzindamo limadziwa kuti chimkuzamawu chikakhala chete, ndiye kuti mwanayo kutenti kulibe.

Tentiyi sinachite kugwa kumwamba. Kale, Mayi a Patenti ali mayi wachitsikana wa ana awiri, anabwera kudzaonera zochitika zomwezi, khanda lili kumbuyo, mwana wawo woyamba, wamwamuna, atamugwira padzanja. Nsalu yoberekera inamasuka. Anasiya dzanja lija kuti amange bwino, ndipo potembenuka mwana panalibe. Masiku amenewo kunalibe tenti, kunalibe chimkuzamawu, ndipo dziwe la pakati pa paki linalibe mpanda. Anakamupeza m'dziwemo.

Pamaliro panali mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, amene anthu amawatchula a Zipewa chifukwa chokonda zipewa zazikulu zoti munthu ukhoza kuusapo mvula. A Zipewa analankhula pabalaza podzaza azimayi, osatsitsa mawu n'komwe: "Nkhuku yomwe imadziwa kuwerenga anapiye ake. Uyu awiri okha amukanika." Amuna awo a Mayi a Patenti anamva, anangozyolika, ndipo pa nkhani imeneyi anakhala chizyolikire mpaka tsiku limene anamwalira.

Chisoni chija Mayi a Patenti anachisandutsa ntchito. Anakhala pa benchi ya ku khonsolo m'mawa uliwonse, mpaka alonda anayamba kuwapatsa moni ngati mnzawo wa pantchito. Mpanda unamangidwa, tenti inagulidwa, ndipo ntchito yosesayi anawapatsa mwina pofuna kuti akuluakulu apumeko. Anaumirira kuti tentiyo izikhomedwa pafupi ndi dziwe. Sukulu zikatsegulira amayenda m'sukulu za mkaka n'kumafunsa kuti, "Ukasochera upite kuti?" Ana amayankha mokuwa, "Kutenti yofiira!"

Koma mawu a nkhuku aja sanasanduke chilichonse. Anangokhala pakhosi pomwepo. Anthu amati Mayi a Patenti ndi mayi wachifundo, ndipo sanama, kungoti chifundo ndi chakukhosi zimatha kugona m'nyumba imodzi osakangana. Sankawafunira a Zipewa imfa kapena matenda. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lina mayi ameneyo adzaime pakhomo pa tentiyo, chipewa chili m'manja, anene ndi pakamwa pake kuti, "Mlamu, ndataya mwana."

Tsikulo linabwera Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, phula la mumsewu likumata ku nsapato. Ozimitsa moto anali akupopera ana madzi, ndipo phokoso linali loti sungamve mnzako. M'tentimo munalowa kamtsikana ka diresi yachikasu, nsapato imodzi yokha kuphazi, kosalira n'komwe. Anali mdzukulu wa a Zipewa, wobadwa kwa mwana wawo wamwamuna.

"Agogo a Patenti, ndasochera," anatero monyadira, ngati wakhoza mayeso. "Munati tizibwera kuno."

"Wachita bwino, mama. Unali ndi ndani?"

"Ndi agogo. Amayi akugulitsa ayisikirimu uko. Agogo anati ndiime pompo apereke kaye moni kwa azimayi a kutchalitchi. Ndiye moni wake samatha."

"Nanga nsapato inayo?"

"Yakodwa pa mpanda. Ndimaona abakha."

Chala cha Mayi a Patenti chinali kale pa batani. Chinapita chokha, mwa chizolowezi. Anachiyang'ana chalacho kanthawi, kenaka anachichotsapo.

Anamupatsa mwanayo madzi ndi mabisiketi, n'kumukhazika pa mkeka kuseri kwa nsalu. Ndi kutentha kuja, sanachedwe kugona. Iwo anakoka mpando, kuuika pakhomo pa tenti, n'kukhala pansi mwaulemu wonse, manja pamiyendo.

A Zipewa sanali ovuta kuwapeza. Tsikulo anavala chobiriwira, cha nthenga pambali, ndipo chinkaoneka pamwamba pa mitu ya anthu onse. Poyamba chinkayenda pang'onopang'ono, ngati cha munthu wofuna pogula chakumwa. Kenaka chinayamba kutembenukatembenuka. Chinapita ku nsanja ya oimba, chinabwerera, chinalowera ku zimbudzi, chinatulukira kuseri kwa galimoto ya ozimitsa moto chitapendekeka, nthenga itathyoka.

Tisanamizane, Mayi a Patenti zinawakomera. Zinawakomera ngati madzi a m'firiji tsiku lotentha ngati limenelo. Mumtima ankangoti, "Thamangani, mlamu, thamangani. Yang'ananinso pansi pa mabenchi, inenso ndinayang'anamo. Muwaitane dzina mpaka mawu athe. Mukatopa, njira ya kuno mukuidziwa."

Nthawi ina chipewa chija chinalunjikadi kutenti. Chinafika poti awiriwo anaonana nkhope bwinobwino. A Zipewa anali thukuta lokhalokha. Mayi a Patenti anawongola msana, kukonzekera kumva mawu amene anawadikira theka la moyo wawo. Koma a Zipewa anaima, anayang'ana chimkuzamawu chili chete pamwamba pa mtengo wake, anayang'ana mlamu wawoyo, n'kutembenuka. Kunyada kunawakokera kumbuyo.

"Chabwino," anatero Mayi a Patenti chapansipansi. "Ine ndiye sindikupita kulikonse."

Azimayi awiri anadutsa pafupi akuyenda mwandawala. Wina anati, "Akuti kwasowa mwana. Tiye tikafunse kutentiko."

"Usataye nthawi," anayankha mnzakeyo. "Akanakhala kumeneko bwenzi titamva kalekale. Mayi aja sachedwa."

Mawu amenewo anawabaya pang'ono, koma anawameza. Anadziuza kuti mwana ali bwinobwino, palibe chimene chaonongeka, angodikira pang'ono pokha.

Kenaka kunamveka mfuu kudziwe. Munthu wina anakweza m'mwamba kansapato koyera kamene anakapeza katakodwa pa mpanda. Anthu anakhamukira komweko. Ozimitsa moto anataya paipi yawo ikutulukabe madzi, anavula jombo, n'kuyamba kudumpha mpanda. M'khamumo munatulukira mayi wa mwanayo akuthamanga, epuloni ili m'chiuno, sipuni ya ayisikirimu idakali m'manja.

Mtsikana ameneyu, mpongozi wa a Zipewa, ndi yekhayo wa nyumba imeneyo amene ankawapatsa moni Mayi a Patenti. Ankawatchula Anti, ndipo Loweruka lotentha ankawatumizira ayisikirimu mobisa, apongozi ake asaone. Anthu anamupatsa nsapato ija. Sanakuwe, sanagwe pansi. Anangoigwira pachifuwa, dzanja lina litagwira waya wa mpanda, maso ali pa madzi. Mayi a Patenti ankakudziwa kukhala chete kumeneko. Iwonso anaimapo chimodzimodzi pamalo omwewo, kungoti nthawi imeneyo panalibe waya woti agwire.

Anali asanaimirire n'komwe pamene mawu a a Zipewa anamveka. Mawu awo safuna maikolofoni.

"Ine ndinamubweza kwa iwe! Ndinamuuza kuti apite kwa amake, ndinamuona ndi maso angawa akulowera komweko! Koma iwe maso ali pa makasitomala basi. Ndiwe mayi wanji iwe? Nkhuku yomwe imadziwa kuwerenga anapiye ake!"

Mtsikana uja anaweramitsa mutu. Anaoneka kuti wakhulupirira, ndipo anthu anayamba kumuyang'ana ndi maso amene Mayi a Patenti ankawakumbuka bwino.

Mkwiyo umene unawagwira apo unali woti mpando unagwera kumbuyo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti a Zipewa akadzalawa yekha ululu umenewu adzafewa. Anaiwala kuti pali anthu ena oti katundu akawalemera sadandaula, amangoyang'ana mutu wa wina woti amusenzetse. Anadina batani mwamphamvu. Nyimbo za ku nsanja zinaduka, paki yonse inangoti zii.

"Tamverani nonse. Mwana wa diresi yachikasu, wa nsapato imodzi, ali kuno kutenti. Ali bwinobwino, wagona. Ozimitsa moto, tulukani m'madzimo."

Masiku onse amathera pamenepo. Tsiku limenelo chala sanachichotse.

"Mwanayu akuti anali m'manja mwa agogo ake, a chipewa chobiriwira aima pa mpandawo. Akuti anamuimika n'kumakapereka moni kwa anzawo. Amake anali pa ntchito, palibe anawapatsa mwana. Ndibwereze, poti ena zipewa zimawatseka makutu. Wataya mwana ndi agogo ake. Ndipo anali naye mmodzi yekha woti amuwerenge."

Mitu yonse inatembenukira ku chipewa chija. Wina anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mantha amuchoka, ndipo kunafalikira khamu lonse. Mayi wina wa kutchalitchi konko anakuwa kuti, "Zoona, anali ndi ife, mwanayo sitinamuone n'komwe!" A Zipewa anavula chipewa chawo, kuchipinda, n'kuchibisa kukhwapa. Popanda chipewacho anali kamayi kakang'ono ka imvi, ndipo anazemba m'khamumo osaonekanso. Mayi a Patenti anapuma mpweya wautali. Chimene chinakhala pakhosi zaka zonse zija chinatsika.

Mayi wa mwanayo analowa m'tenti ngati mphepo. Anagwada pa mkeka, kumunyamula mwana wake, kumununkhiza m'mutu, kumugwira manja ndi miyendo ngati akuwerenga. Apo ndi pamene analira. "Anti, Mulungu akudalitseni. Anti, mwandiombola kawiri lero."

Mwana anadzuka akutikita m'maso. "Amayi, mwachedwatu. Mabisiketi ndamaliza kalekale."

Mayiyo anasiya kulira. Anayang'ana tsaya la mwana wake, mmene mizere ya mkeka inali italowa kwambiri. Anayang'ana pepala la mabisiketi, limene nyerere zinali zitalipeza kale n'kupanga mzere mpaka kunja kwa tenti. Kenaka anayang'ana Mayi a Patenti.

"Anti, mwanayu wafika nthawi yanji?"

Mayi a Patenti, amene mawu awo amaletsa ndi a meya omwe, anawerama n'kuyamba kudzutsa mpando unagwa uja.

"Ine pa mpanda paja ndinali nditamuika kale m'manda," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Ndinaona ndi bokosi lomwe. Inuyo mukudziwa mmene zimakhalira, Anti. Mumzinda monse muno, amene akudziwa ndinu nokha."

Anamuveka mwana nsapato ija, kumunyamula, n'kutuluka. Sanauze munthu aliyense, ngakhale mwamuna wake, ndipo ku khonsolo mpaka lero amawatama Mayi a Patenti kuti tsiku lija anapulumutsa ozimitsa moto ku matope.

A Zipewa sanapondenso m'pakimo, ndipo akuti kutchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo, kumutu atangomanga kansalu. Za zimenezo Mayi a Patenti sadandaula ngakhale pang'ono. Atapatsidwa maikolofoni kachiwiri akhoza kubwereza mawu omwewo, mwinanso kuonjezera. Koma ayisikirimu uja sanabwerenso kutenti.

Sukulu zitatsegulira anayambanso kuyenda m'sukulu za mkaka, jekete yonyezimira ili pathupi. M'kalasi ina anaima kutsogolo monga mwa masiku onse n'kufunsa, "Ukasochera upite kuti?"

"Kutenti yofiira!" ana anakuwa mpaka mawindo kunjenjemera.

Kamtsikana kamodzi kutsogolo sikanayankhe nawo. Kanali komwe kaja. Mayi a Patenti anawerama n'kukafunsa momwetulira, "Nanga iwe, mama, waiwala? Iwetu ndiye katswiri."

"Sindinaiwale, Agogo," anayankha mwanayo mwaulemu. "Kungoti amayi anati ine ndikasochera ndizipita kwa apolisi."