Mpeni wa Bambo Alufandika

Bambo Alufandika Mbewe anatsika lole ya Ulere, yonyamula ofuna ntchito mwaulere, mu Salisbury pa 14 Malichi 1951, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, akuchokera kwa Kachindamoto ku Dedza. Anayamba ndi kutsuka mapoto kwa mzungu wina ku Avondale. Pofika 1956 anali khukhi, ndipo anaphikira banja limenelo mpaka ana amene anawaona akukwawa anamera ndevu. Anawo ankawaitanabe kuti "boyi". Pa 30 Ogasiti 1980 bwanayo analongedza katundu kupita ku Joni. Galu anamutenga. Anawasiyira a Alufandika jekete lakale, osawalembera ngakhale kalata ya mizere iwiri yonena kuti munthuyu amadziwa kuphika.

Anakhala pakhomo ku Mufakose chaka ndi miyezi isanu, pamodzi ndi akazi awo mayi Martina, ndi mchimwene wa mayiwo, Fackson, wowotcherera zitsulo ku Willowvale. Ndi Fackson yemweyo amene anamva kuti injiniya wina wa ku Japan pa fakitale yawo akufuna wophika. Pa 1 Febuluwale 1982 a Alufandika anavalanso epuloni.

Dona wa nyumba imeneyo anawaphunzitsa chakudya cha kwawo chotchedwa sushi. Ankayala tsamba lakuda la m'nyanja, lopyapyala ngati pepala, pa kamphasa ka nsungwi, n'kupakapo mpunga wothira viniga. Pakati ankaika nkhaka ndi dzira, kenako n'kukulunga kuti chikhale ngati mpukutu. Kukulunga a Alufandika anakugwira sabata imodzi. Chimene chinawavuta chinali kudula. Mpeni wake unali wautali, wonoledwa mbali imodzi yokha, mbali inayo ili fulati ngati galasi. Umaunyowetsa ndi kansalu, n'kuukoka kamodzi kokha kuloza kwa iwe mwini, osacheka ngati nyama, osadinikiza. Ukadula kamodzi, upukute. Choyamba udule pakati, ugundanitse zidutswa ziwirizo, udulenso kawiri, zituluke zisanu ndi chimodzi zofanana msinkhu. Donayo ankachotsa m'mbale chidutswa chilichonse chopindika. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri. Pa 9 Seputembala 1982 anayang'ana mbale, sanachotsemo kanthu, ndipo anawerama pamaso pa khukhi wake. Chibwerere kuno, palibe bwana kapena dona amene anali atawaweramirapo.

Mu Meyi 1984 banjalo linaitanidwa kwawo. Dona anawapatsa mpeni uja uli m'chimake cha thabwa, ndi masamba atatu omaliza. Anawakonzeranso kuti akayesedwe pa hotela ina m'tauni, imene inkafuna wophikira alendo a ku Japan, Lolemba pa 4 Juni, teni koloko. A Alufandika anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, alibe kalata, ndipo chitupa chawo chinali cha mlendo. Ankadziwa kuti khomo lina silidzatsegukanso.

Lamlungu pa 3 Juni, pochokera ku tchalitchi, anamva phokoso asanafike pa geti: khwee, khwee, chitsulo pa simenti. Fackson anali atanyonyomala pa sitepe ya khonde, nthenga zili mbwee. Pa sitepe imeneyo ndi pamene mipeni yonse ya pakhomopo inkanoledwa, mbali iyi ndi mbali iyi.

"Alamu, mwafika! Ndakupherani tambala, mawa mukapite ndi mphamvu. Koma mpeni wanuwu ndi wa ulesi. Am'Japaniwo ananola mbali imodzi n'kutopa. Ndakumalizirani."

A Alufandika anaulanda n'kuupenda padzuwa. Mbali ya galasi ija inali mikwingwirima yokhayokha. Pakati penipeni panali pobenthuka, pamene unakumana ndi fupa la m'khosi.

"Wautenga kuti?"

"Pamwamba pa wodirobu."

"Unali m'chimake, chimake chili m'thawulo, thawulo lili m'sutikesi! Unkafuna chiyani m'sutikesi mwanga?"

"A Martina ndi amene anati wakuthwa uli m'menemo."

Mayi Martina anasuzumira pa zenera la khitchini. "Ine ndinangoti ulipo. Sindinati atenge."

"Nanga mpeni si mpeni, alamu? Mwayamba kupembedza chitsulo? Ntchito ya kwa Am'Japaniyo anakupezerani ndani?"

"Ndiwe! Unandipatsa ndi dzanja ili, walanda ndi ili. Mutu wako uli ngati zitsulo umawotchererazo. Zaka makumi atatu azungu akundinyoza, sananyamulepo mpeni wanga!"

Anthu a nyumba zoyandikana anali atatsamira pa waya. Mayi wina anafunsa mnzake m'Chishona kuti Mabhurandaya, dzina limene ankatchulira anthu a kwawo kwa a Alufandika, akulimbirana chiyani, nayankhidwa kuti akulimbirana nkhuku. Anaseka. A Alufandika anamva, nalowa m'nyumba. Tambalayo sanamulawe. Masana onse anakhala kuseri ndi mwala wonolera ndi beseni la madzi, koma pobenthuka pankafuna mwala wosalala wa donayo, umene unali utapita kale ku Japan m'bokosi.

Lolemba anafika ku hotela nthawi isanakwane. Mkulu wa makhukhi anali mzungu wachinyamata, wamsinkhu wa ana aja a ku Avondale. A Alufandika anaphika mpunga, naukupiza, nakulunga mipukutu itatu yolimba bwino. Kenako anapempha mwaulemu kuti awabwereke mpeni wakuthwa.

"Khukhi amabwera ndi mpeni wake, madala," anatero mnyamatayo, maso ali pa wotchi.

A Alufandika ananyowetsa mpeni wawo uja, nakoka. Pobenthuka paja panakola tsamba, tsambalo linang'ambika, mpunga unatulukira m'mbali. Anapukuta, nayesa mpukutu wachiwiri. Chimodzimodzi. Wachitatu sanawalole. Mzunguyo analoza thumba la mbatata pakona, nati ngati akufuna ganyu yosenda, ayambe pomwepo. Sanalawe ngakhale njere imodzi ya mpungawo.

A Alufandika anavula epuloni, naipinda kanayi, nakwera basi ya ku Mufakose. Anakhala pakhonde mpaka Fackson ataweruka.

"Zayenda bwanji, alamu?"

Anamupatsa mpeniwo, chogwirira chili kutsogolo. "Tenga. Ndi wa nkhuku tsopano."

Fackson anasamukira ku Dzivarasekwa kumapeto kwa mwezi womwewo. A Alufandika sanaphikirenso munthu. Anagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi siteji ya basi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anamwalira pa 9 Ogasiti 1993. Pamaliro Fackson ndiye anakumba manda, chifukwa mayi Martina anamuuza kuti malemuwo sanaletse zimenezo. Chimene analetsa n'chakuti asadzagwire nkhuku ya pamaliro awo.