Dzina la Abiti Juma pa Chifuwa cha Munthu Wina

Ntchito yotsuka mafilimu a ekisire anandipezera ndi azakhali anga, amene ankachapa zofunda pachipatala china kuno kwathu ku Mangochi. Anamva kuti amene ankaigwira wathawa fungo la mankhwala, ndiye anandikoka dzanja kuchokera kwa Mponda mpaka pakhomo la a Mkwanda, omwe ankajambula odwala. Funso lawo linali limodzi: "Mdima umauopa?" Ndinati ayi, n'kuyamba tsiku lomwelo.

Inali nthawi imene othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa pa Chiponde tsiku ndi tsiku, ambiri akutsokomola. Ine ndinkakhala m'kachipinda kamdima, pansi pa kanyali kofiira. Ndinkatsegula kaseti, kabokosi kojambuliramo, kutulutsa filimu, kulemba dzina la wodwala pakona, kuipana pa hang'ala, kuiviika m'mankhwala a divelopa, kenako m'madzi, kenako m'mankhwala a fikisa, n'kuitsukuluza, n'kuiyanika. Fungo la fikisa linkandikhala m'mphuno mpaka pa nthawi yodya, koma limenelo ndinalizolowera msanga.

Chimene sindinachizolowere n'china. Mafilimu ankabwera ochepa, ndipo a Mkwanda ankawasungira anthu awo a m'tauni, olowera khomo lakuseri ndi chambo m'jumbo. Wothawa nkhondo akabwera ankamuimika bwinobwino pamakina, chifuwa chitagunda kaseti, manja m'chiuno. "Kokani mpweya! Gwirani! Pumani!" Makina n'kulira, koma kasetiyo inkandipeza ilibe filimu. Pansi pa tebulo panali katoni ya mafilimu akale amene eni ake sanadzatenge. A Mkwanda ankasankha ndi maso: woonda ankamupatsa ya mapapo odwala, wojintcha ya mapapo abwino. Ine ndinkadula kona ya dzina lakale n'kulemba latsopano.

"Ndajambula zifuwa zambiri ine," ankatero. "TB ndimaiona munthu asanavule malaya." Ndinkadziwa kuti n'zonyansa. Koma ndinali ndi ana awiri opanda bambo, choncho ndinkangolemba.

Abiti Juma, mayi wina wa othawa nkhondowo, anabwera koyamba ali ndi thupi lake ndithu, choncho anamusankhira filimu yabwino. Dokotala, mzere wa odwala utafika panja, anangoiunika pawindo, n'kumupatsa mankhwala a chifuwa wamba. Patatha miyezi iwiri anabweranso, mwamuna wake Che Amini atamubereka kumsana. Anali atatha zedi. Atangomukhazika pabenchi anatsokomola magazi, ena a mibulu, mpaka theka la beseni. Ndinakataya ndine, ntchentche zikunditsatira.

Nditabwerako, Che Amini anamasula chitenje n'kutulutsa filimu ija, ataikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe. "Amayi, chithunzi ichi anati n'chabwino. Walahi, tazungulira kwa asing'anga, tapita kwa mashehe, poti achipatala anati m'chifuwa mulibe kanthu. Nanga magaziwa akuchokera kuti?" Ndinaona zilembo zanga pakona ya filimuyo, n'kudzinyansa ndekha.

Dokotala analembanso ekisire. A Mkwanda anangosuzumira pabenchipo n'kundinong'oneza: "Usawononge filimu iwe. Mutolere yoipa m'katonimo, akagonekedwe." Mwina akanagonekedwadi, koma mawa lake kukanabwera wina wojintcha, ine n'kulembanso. Ndinalowa mumdima n'kuika filimu yatsopano m'kaseti. A Mkwanda anakuwa za kukoka mpweya zija osadziwa kanthu. Itatuluka mu fikisa sindinadikire kuti iume. Ndinathamanga nayo ikudontha mpaka kwa dokotala, yakale ija ili kudzanja lina.

Dokotala anapachika zonse ziwiri pagalasi lounikira. Yatsopano inali ndi mabowo kumtunda kwa mapapo onse awiri. Yakale anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ichi n'chifuwa cha mwamuna, ndipo anathyokapo nthiti ziwiri. Dzinali analemba ndani?"

"Ndine," ndinatero, n'kuwatengera kumene kunali katoni ija.

Makhololo a Abiti Juma atawapaka pagalasi n'kuwayeza pa maikulosikopu, anapezamo tizilombo ta TB tambirimbiri. Anamugoneka n'kuyamba kumubaya jakisoni, koma anamwalira patangotha masiku asanu. A Mkwanda anangowasamutsa, kuti akajambule zifuwa kwina. Nkhani imeneyo imandiwawa mpaka lero. Ine anandichotsa kumafilimu n'kundipatsa ntchito yotsuka makapu a makhololo ku labotale, ndipo sindinadandaule, ndinaona kuti n'zondiyenera.

Asananyamuke ndi maliro, Che Amini anandifunafuna mpaka kundipeza pampopi. Ndinaima chilili, kudikira kutukwanidwa. "Amayi, akuti chithunzi chija sichinali cha mkazi wanga," anatero. "Mwiniwake mukamupeza mumuuze kuti chifuwa chake n'chabwino. Mwina akudikirabe yankho, asamavutike mtima ngati ife." Bola akanangondimenya mbama.

Ndagwira ntchito ya chipatala mpaka kupuma. Kuyambira tsiku limenelo sindinalembepo dzina la munthu pakapu, pagalasi kapena pafilimu ndisanaone ndi maso anga kuti zamkatimo zachokera m'thupi mwake, ngakhale wamkulu andikalipire chotani. Kulemba dzina la Abiti Juma sikunanditengere ndi mphindi yomwe, koma iye kunamudyera miyezi iwiri imene akanachira nayo.