Batate anga sanali matuvi a ntchentche

Situdiyo yojambula zithunzi ija ya mu komboni ya Kanyama, ili pakati pa wometa tsitsi ndi ogulitsa makala, yandifufutira batate. Sindikuseka. Ndikulumbira.

Batate anamwalira chaka chatha, ndipo Loweruka likubwerali tikukaika mwala pamanda awo. Chithunzi chawo tinali nacho chimodzi chabe, chifukwa munthuyo ankathawa kamera ngati akuthawa apolisi. Chinajambulidwa kumudzi ku Petauke nyengo yozizira, chakuda ndi choyera. Munda wokolola kale, mapesi atagona, nkhungu ili mbuu, mtengo umodzi wopanda tsamba. Kutali uko, pafupi ndi mtengowo, kadontho kakuda. Ndiwo batate. Bamai amati tsiku limenelo kunazizira moti tambala analira masana, atayamba wawotha dzuwa. Ine ndimawakhulupirira.

Bamai anati, "Mwanawe, pita akachikulitse, achiike m'galasi, anthu akawaone atate ako."

Lachiwiri 9 koloko m'mawa ndafika. Mwini situdiyo ndi mdala wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Achinyamula chithunzicho ndi zala ziwiri ngati nsomba yadzulo. Akuti, "Ba bosi, iyi ni nchito ing'ono. Tizachiyeretsa bwino bwino." Ndalipira 150 kwacha. Mawu akuti kuyeretsa ndinawamva ndithu, koma ndinkayesa akunena fumbi.

Lachinayi ndabwerera. Chithunzi chachikulu ngati chitseko, fulemu yonyezimira. Munda ulipo. Nkhungu ilipo, yawonjezekanso. Mtengo ulipo. Batate palibe.

Ndafunsa, "Ba mudala, munthu ali kuti?"

"Munthu uti?"

"Amene anaima apa."

Atsitsa magalasi apamutu aja, avala pamwamba pa enawo. "Aa, kaja kakuda? Nachosa. Nenze kuganiza ni matuvi ya nchenche."

Munthu woti analera ana asanu ndi mmodzi. Kodi ntchentche zakwanu zimasiya matuvi ovala chipewa? Onyamula khasu paphewa?

Ayamba kundiphunzitsa. Akuti chithunzi chakumudzi chimakoma chikakhala chopanda munthu, chimapuma bwino. Akuti azungu amagula zoterezi n'kukapachika m'mahotela. Ndawauza kuti kumanda kuja azungu sitinawaitane.

Ndati chabwino, ndibwezereni chakale chija. Ayang'ana m'dirowa. Ayang'ana pansi pa kompyuta. Atuluka kukafunsa wometa tsitsi, ngati batate anapitako kukameta. Abwerera akukanda mutu. Akuti chinali chong'ambika kale, mwina chinapita ndi zinyalala posesa. "Manje muli na chanyowani, chakale nichachani?" Ndati nanga mu kompyuta? Akuti choyeretsedwacho anachisunga pamwamba pa chinzake, kuti malo asathe.

Kenako andigwira paphewa, achita nkhope ya abusa. "Osadandaula ba bosi. Nili na madala bambiri mu kompyuta. Sankhani mmodzi nimuike pafupi na mtengo. Patali so, nindani azaziba?"

Atsegula. Madala ali ndandanda, a masuti, a ndevu, ena akumwetulira. Wachitatu kuchokera kumanzere ndi mwininyumba wanga. Ndikulumbira. Akuti ameneyo amatuluka bwino mu nkhungu.

Ndinachinyamula chithunzi chopanda munthucho kupita nacho kunyumba pa basi, kondakitala n'kundilipiritsa mipando iwiri. Bamai anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pafupi ndi mtengo paja, pomwe patsala nkhungu yokha. Ndinawafotokozera zonse. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ndiye achoka kawiri." Atatero anapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Inu anthu a mu Kanyama, ngati muli ndi m'bale amene anaima patali pojambulitsa, musapite naye kumeneko. Ngakhale inu eni, mukamadutsa pakhomopo musaime patali.

Ndipo inu ba mudala, ndikudziwa mukuwerenga, ndi magalasi onse awiri. Ndalama zanga sungani. Mwininyumba wanganso sungani. Mulu wa zinyalala wa kuseli kwa situdiyo yanu ndauona, ndipo aliyense mukomboni muno akudziwa kuti sunatoledwepo chibadwire ine. Ndiye kuti batate akadali momwemo. Mawa kukacha ndikubwera ndi mafosholo awiri. Imodzi ndi yanu.