Tsiku limene ndinakweza Komando pa bajaji

Wandikakamiza kulemba izi ndi Nasibeko, mnzanga wa ku Mvano. Akuti watopa kundimva ndikuzifotokoza pamaliro paliponse. Ndiye nazi, Nasibeko, usandivutenso.

Ine ndimakhala ku Area 43 kwa mwana wanga Kondwani, uja amagwira ntchito m'boma. Ndinabwera kudzaonetsa bondo kuchipatala, bondo linapola, koma ku Nathenje sindinabwerere, madzi otentha a kubafa anandigwira mwendo. Pakhomopo pali galu, Komando, ndi mlonda, a Lingisoni, bambo aulemu ochokera cha ku Chitedze. Vuto linali loti Komando akangoona a Lingisoni, mano panja. Anawang'ambira jekete, kenako thalauza. Kondwani n'kugamula kuti galu sanama, amanunkhiza wakuba, mwezi ukatha a Lingisoni aone msewu. Ndikafunsa chabedwa n'chiyani, amangoloza galu.

Ndiye Lachitatu, Kondwani atangotuluka pageti, ndinamanga galu ndi chingwe cha mbuzi, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto ku Area 3. A Lingisoni sakanakhala nafe pamodzi, tinagwirizana kuti azititsatira panjinga yawo, chapatali ndithu.

Ku 43 minibasi siilowa, eniake onse ali ndi magalimoto. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, tikupishana ndi anthu opita kukachapa ndi kusesa m'mipanda. Kondakitala woyamba anati, "Agogo, inu kwerani, koma achimwene anuwo ayi." Wachiwiri sanaime n'komwe. Cha m'ma naini ndi pomwe mnyamata wa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, anavomera faifi sauzande, n'kundichenjeza kuti galu akasanza ndikolopa ndekha.

Abale, Komando anakhala pampando ngati nduna. Podutsa ku City Centre anatulutsa mutu, makutu akuuluka, n'kumayang'ana maofesi ngati akufuna kukafunsira ntchito. Misewu yake ya masiku ano ija, ina pamwamba ina pansi, ine mutu umangozungulira. Kale tinkadutsa pamenepo ndi malemu amuna anga, patchire penipeni, tikukagulitsa mtedza. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pofika ku Old Town ndinauza mnyamata uja kuti aime kaye pa msika wa Tsoka. Munthu sungafike kumeneko osagwirako kaunjika. Ndinatsika ndi galu wanga, tinalowa m'chipiringu, ena akundikoka dzanja, ena akusisita chikwama changa ngati achibale. Komando phee, mchira ukugwedezeka. Wachipisi anamuponyera chipalapasiro cha nkhuku, analandira mwaulemu. Ndinati mumtima, galu wodziwa akuba ameneyu? Pa Tsoka pano bwenzi atasasa mawu. Ndinagula juzi imodzi ndi chipisi chothira kabichi, tinapitirira.

Tinafika ku Area 3 cha m'ma leveni, a Lingisoni akutipeza thukuta lili kamukamu. Komando kungowaona, anayambapo. Dokotala anali mtsikana, wochepa thupi, ndinakayika ngati angalimbe. Koma anamumanga kukamwa bwinobwino, n'kumupima paliponse, mano, makutu, mimba. Kenako anayamba mafunso ngati kupolisi. Amagona pati? M'kanyumba kake, usana wonse chitsekere. Amayenda naye ndani? Palibe. Amamupatsa chakudya ndani? A Lingisoni. Chakudya chanji?

Apa a Lingisoni anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ndinawauza kuti bambo, ntchito yatha kale, mukubisiranso ndani? Ndiye anaulula. Bwana Kondwani anawapatsa botolo la tsabola wa kambuzi wosinja, akuti azithira m'chakudya cha galu madzulo aliwonse kuti akhale waukali. Anzawo a kuofesi ndiwo anawauza bwanawo nzeru imeneyo.

Dokotala anagwira pakamwa, kaya kubisa kuseka kaya kukwiya. Anati, "Amayi, munthu atamakutsekerani tsiku lonse, n'kumakubweretserani mbale yoyaka moto, mungamukonde?" Anati tsabola sapereka ukali, amangopweteka galu m'mimba, ndipo galu amadana ndi dzanja lomwe labweretsa ululuwo. Analamula kuti botolo litayidwe, galu azituluka kukayenda, ndipo a Lingisoni azimuponyera tinyama ali chapatali, n'kumayandikira pang'onopang'ono. Akuti zitenga nthawi, si za lero ndi mawa.

Pobwerera sindinataye botolo lija. Madzulo ndinauza wophika kuti apume, nkhuku ya mwana wanga ndiphika ndekha. Kondwani analuma kamodzi, maso anafiira, n'kuyamba kusaka madzi uku akutsokomola. Ndinamusunthira jagi kutali.

"Idya, mwanangu," ndinatero. "Ndikufuna ukhale waukali."

Anandiyang'ana mwa njira ina yake, moti ndikanakhala wamng'ono bwenzi atandiluma. Ndinamufunsa ngati tsopano nanenso ndasanduka wakuba. Anamvetsa. M'mawa mwake anapita yekha kugeti, ndipo a Lingisoni alipobe mpaka lero, ndi jekete yatsopano. Komando sanayambe kuwakonda kwenikweni, koma thalauza akulisiya.

Ndinaphunzira kuti galu sanamadi, koma pamafunika kumufunsa bwino chomwe akunena. Nasibeko, ukawerenga upatsireko ena, makamaka azibambo a m'maofesi amene ali ndi timabotolo kuseri kwa nyumba.