Galu amene ndinamuphunzitsa kufufuza

"Usaphunzitse galu kufufuza, adzafufuza ndi zako zomwe." Amayi anandichenjeza tero ndili mwana. Ndakumbukira lero chifukwa mdzukulu wanga wabwera kuchokera ku Lusaka ndi kampira ka zibowo, akuti tiziikamo chakudya, galu wathu azilimbana nako asasungulumwe. Galu kusungulumwa! Kampirako ndakatsekera m'sutikesi, kiyi ili m'chiuno mwangamu.

Kwathu ku Kavalamanja ntchito yanga inali kusunga galu pakhomo atate akapita ku Zambezi, pakuti ngwena inali itatidyera kale agalu awiri. Ndikamumanga, ankadula chingwe ndi mano. Ndiye ndinayamba kumubisira mitu ya nsomba pansi pa mtondo, m'phulusa, m'dengu lovundikira. Tsiku lonse mphuno ili pansi, za mtsinje anaiwala. Ine kunyada!

Sabata ina amayi anawamba nsomba zonona zoti tikapatse ambuya, amene anagonekedwa m'chipatala ku Katondwe. Anazibisa mumtsuko kuseri kwa nkhokwe, navundikira ndi mbale, kuopa maso a anthu.

Masana ndinamva mbale ikugubuduka. Ndinathamanga. Mutu wonse wa galu unali mumtsuko, mchira ukugwedezeka, fungo la utsi ndi mafuta lili ponseponse.

"Iwe! Choka apo!"

Anazula mutu, nandiikira kamchira ka nsomba kumapazi, kudikira kuti ndimuyamikire monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwanga ndinamva amayi akutula ndowa ya madzi pang'onopang'ono.

"Wamuphunzitsa ndani?"

Galu anayang'ana ine.